Woulutsa ndege yankhondo akafuna kutaya madzi amatani?

Loweruka lapitali ndinali pa mzere wa mafuta cha ku Kanengo kuyambira 5 koloko m'mawa. Ndinalakwitsa chinthu chimodzi: ndinamwa makapu awiri a tiyi ndisananyamuke. Pofika cha m'ma 10 zinthu zinali zitavuta. Kutsika m'galimoto sungayerekeze, chifukwa nthawi imene wazemba kuti ukataye madzi ndi yomwe mzere umasuntha, pobwera upeza wina walowetsa kale mphuno ya galimoto yake pamalo pako. Ndili chipanikizire miyendo choncho, ndege inadutsa ikutsikira ku Lumbadzi. Bambo amene anali kumbuyo kwanga, amene tinali titazolowerana ngati anthu ogona pa siwa imodzi, anati: "Achimwene, awo ali pabwino, chimbudzi ali nacho momwemo. Nanga a ndege zankhondo aja amatani?"

Tinaseka. Koma ine funsoli sindikulionanso ngati nthabwala.

Ndege ngati F-16 ilibe chimbudzi, ilibenso ndi poimirira pomwe. Muli mpando, munthu wamangidwa malamba m'mapewa ndi m'chiuno, wavala zovala zosanjikiza, kumaso kuli chopumira. Mafuta ake paokha sakhalitsa, koma ndegezi amazithira mafuta zili mlengalenga momwemo kuchokera ku ndege ina yaikulu, ndiye ulendo umangotalikira. Mu April 1986 ndege za America za mtundu wa F-111 zinanyamuka ku England kukaphulitsa mabomba ku Libya. Dziko la France linakana kuti zidutse mlengalenga mwake, choncho zinazungulira cha kunyanja, n'kudzalowera pa Gibraltar, kumunsi kwa Spain. Kupita ndi kubwera, maola pafupifupi 13. Kumeneko n'kukwera basi pa Lilongwe kupita ku Blantyre, kubwerera, n'kupitanso, dalaivala osaima pa Ntcheu ngakhale kamodzi.

Chimene amanyamula ndi kajumbo ka pulasitiki kolimba, eni ake amakatcha piddle pack. M'kati mwake muli siponji kapena ufa umene umagwiritsa mkodzo kuti ukhale ngati phala lozizira, kuti ndege ikatembenuka usamwazike. Kumva choncho zikuoneka zosavuta. Koma taganizirani: umasule malamba, utsegule zipi pa chovala chilichonse, udzikweze pang'ono pampando, ulunjike m'kajumbo, uku maso ali pa mageji ndi pa mnzako amene akuuluka pambali pako, liwiro lake makilomita mazanamazana pa ola. Mu 1992 ku Turkey F-16 ina inagwa pa nkhani yomweyi. Woulutsa anamasula lamba kuti adzithandize, chitsulo cha lambayo n'kukapanikizika pakati pa mpando ndi chiwongolero, chimene m'ndege imeneyi chili kudzanja lamanja. Ndege inasiya kumumvera. Iye anapulumuka podziponya kunja ndi mpando, koma ndege yonse inathera pomwepo.

Kale zinali zoposa apa. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndege za Britain zoponya mabomba zotchedwa Lancaster zinali ndi ndowa ya mankhwala kumchira, dzina lake Elsan. Kuti ukaifike unkayenera kukwawa mumdima, kuzizira koopsa, ndipo ndege ikayamba kuzinda zipolopolo ndowa ija sinkasunga chinsinsi. Za America zinali ndi fanelo yolumikiza ku paipi yotulukira kunja, koma kumwambako mkodzo unkaundana m'paipimo n'kutseka njira.

Ndege zikuluzikulu za masiku ano zili bwinoko. B-2, ndege ya America yoponya mabomba yosaoneka pa radar, imene imodzi yokha mtengo wake ndi madola pafupifupi 2 biliyoni, imayenda ndi anthu awiri, ndipo kuseri kwa mipando yawo kuli kachimbudzi ka mankhwala ndi kamalo koti mmodzi atambasule msana. Kopanda zimenezo sakanatha, chifukwa mu October 2001 ina inanyamuka ku Missouri kukamenya ku Afghanistan n'kukhala mlengalenga maola 44 isanatere pa chilumba cha Diego Garcia. Amene munakwerapo basi ya ku Joni kudzera pa Mwanza, Tete ndi Beitbridge mukudziwa mmene thupi limamvekera mukafika, chonsecho inu mumatsika pa malire aliwonse.

Nanga chachikulucho? Apo ndiye palibe nzeru yapamwamba. Oulutsa U-2, ndege yaukazitape imene imakwera kupitirira makilomita 20 kumwamba, amavala chovala chotsekeratu ngati cha opita ku mwezi. Cha mkodzo chili ndi kapaipi kake, koma chinacho amachikonzera pansi pomwe: asananyamuke amasankha zakudya zosadzaza m'mimba, monga nyama ndi mazira, n'kupewa zonse zotupitsa. Nyemba za dzulo, chigwada, mangayi, zonsezo ayi. Ena amavala thewera la akuluakulu, ngakhale ndi ochepa amene angavomere pagulu.

Tsono chimene chandikhudza ine ndi ichi. Chifukwa choti kajumbo kaja n'kovuta, oulutsa ndege ambiri anangopeza njira yachidule: kusamwa madzi. Asananyamuke samwa, ali kumwamba samwa. Chizolowezichi n'chodziwika moti chili ndi dzina lake pa Chingerezi, tactical dehydration, ngati kuti ndi luso la nkhondo. Si luso, ndi kudzipha pang'onopang'ono. Ndege yankhondo ikakhota mwamphamvu, thupi limalemera mpaka kasanu ndi kanayi kuposa masiku onse, magazi amathawira kumiyendo, ndipo munthu angathe kuona mdima n'kukomoka. Thupi louma limagonja msanga pa zimenezi. Mutu umawawa, maganizo amachedwa, ndipo m'kupita kwa nthawi kumabwera matenda a chikhodzodzo ndi timiyala ta mu impso. Boma laphunzitsa munthu kwa zaka, lamupatsa ndege ya ndalama zosawerengeka, iye n'kumaiulutsa ali ndi ludzu chifukwa choopa kukodza.

Ndipo amene zinawawawa kwambiri ndi akazi. America inalola akazi kuulutsa ndege zomenyera nkhondo mu 1993, koma anapeza zonse zitasokedwa poganizira mwamuna: zipi pomwe yathera, kajumbo mmene kanapangidwira, mpando mmene unakhalira. Mwamuna amavutika koma amatha. Mkazi ankafunika kumasula pafupifupi chilichonse. Ambiri ankangokhala chete, poopa kuti akadandaula anyamata anena kuti mwaona, tinkanena kuti si ntchito yanu iyi. Panapita zaka kuti pabwere kachipangizo ka batire, AMXD, kovalira m'kati: kwa mwamuna kakapu, kwa mkazi kapadi, ndipo kakangomva chinyezi kapampu kamakokera mkodzo m'thumba popanda kumasula lamba. Anthu amene anatha kupanga ndege yosaoneka pa radar anachedwa chonchi ndi kapampu. Ine sindikhulupirira kuti inali nkhani ya nzeru kapena ndalama. Pa tebulo pomwe ankagwirizana zinthu panalibe amene vutoli linkamukhudza, ndipo amene linkamukhudza ankachita manyazi kulitchula.

Zoiwala thupi la munthuzi si zachilendo kumeneko. Pa 5 May 1961, Alan Shepard, msilikali wa panyanja amene anali Mmereka woyamba kupita mlengalenga kunja kwa dziko, anakhala maola angapo atamangidwa m'chombo akudikira kunyamuka. Ulendo wake unali wa mphindi 15 zokha, ndiye palibe anaganiza za mkodzo. Anapempha kuti atsike, anamukaniza, mapeto ake anangodzithandiza m'chovala momwemo.

Musaseke Azungu okha, abale anga. Tactical dehydration tili nayo konkuno, kungoti sitinaipatse dzina. Funsani mayi wogulitsa tomato mumsika kuti wamwa madzi kangati chifikireni m'mawa. Akuuzani kuti chimbudzi n'cholipira, ndipo akachoka pa benchi kasitomala apita kwa mnzake. Funsani dalaivala wa minibasi ya ku Area 25, mlonda wa pa geti amene eni nyumba anamutsekera chimbudzi, wapolisi wa pamsewu amene waima pa dzuwa la October pa raundabauti, mtsikana wa sukulu imene zimbudzi zake zitseko zinathothoka. Onsewa amachita zomwe woulutsa F-16 amachita: amawerengera kuti ndikamwa pano, ndikavutika nthawi yakuti, ndiye bola ludzu. Dalaivala wouma kukhosi, mutu ukugunda, ndi amene wanyamula ana anu madzulo. Timanga misika, madepoti, malo othirira mafuta, chimbudzi n'kukhala chomaliza kuchiganizira, ndipo chikakhalapo kiyi wake ali ndi munthu amene watuluka pang'ono.

Ife amuna timanamizira kuti vutoli kulibe chifukwa tili ndi mpanda uliwonse ndi mtengo uliwonse, ngakhale pomwe alemba kuti osakodza pano. Ndivomere, Loweruka lija inenso ndinathera kuseri kwa kontena ina, bambo aja atandilonjeza kuti andisungira malo. Nditabwerera ndinaona mayi amene anali kutsogolo kwanga, m'kagalimoto kofiira, ali ndi botolo la madzi pa mpando wa pambali losatsegula n'komwe. Dzuwa linali litafika paliwombo. Mnyamata wogulitsa madzi ozizira atawafika pawindo, anangopukusa mutu.

Ndinawafunsa ngati akufuna ndiwayang'anire galimoto kuti apite kaye. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana uku ndi uku: mpanda wa njerwa, msewu wa M1, anyamata a zigubu atakhala m'mbali mwa ngalande.

"Zikomo bambo," anatero. "Koma ndipite kuti?"

Mafuta tinathira cha m'ma 2 koloko. Botolo lija linali likadali lotseka.