Ku Joni n'kufupi kuposa ku Mzuzu, musanditsutse msanga

Sabata yatha ndinaperekeza alamu anga ku bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, amapita ku Johannesburg. Ndege itanyamuka, ndinakaima pa M1 kudikira basi yobwerera kuno ku Mzuzu. Tisanafike n'komwe pa Jenda, uthenga unalowa pa WhatsApp: "Alamu, tatera bwino, ndili pa O.R. Tambo kudikira chikwama." Ine apo n'kuti mayi wina atandisanjika dengu la tomato pamiyendo. Ku Chikangawa tinadutsa kutada, chifunga chili tolo, ndipo pomwe ndimagogoda pakhomo panga anzanga anali atasamba, atadya, mwinanso akuliza mkonono.

Tiyeni tiwerengere. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Johannesburg pandege ndi makilomita pafupifupi 1,500, ulendo wa maola awiri ndi theka. Kuchoka ku Lilongwe kubwera kuno ndi makilomita 350 ndi kanthu, koma basi imadya maola asanu, ikaimaima kwambiri asanu ndi limodzi. Ndiye kutali n'kuti?

N'chifukwa chake ndimaseka ndikaona anthu akuponya manambala a pa Google ngati nkhani yathera pomwepo. Wina tsiku lija amati London si kutali, ndi makilomita 8,000 okha kuchoka ku Lilongwe, ndege yothamanga makilomita 850 pa ola ikhoza kumaliza m'maola osakwana khumi. Masamu ake ngoona. Koma nambala imeneyo ndi ya mzere wowongoka, ndipo palibe ndege imene ikukutengani pamzere umenewo. Mudzera ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Joni komweko. Mukadzera ku Addis, chigawo choyamba ndi makilomita 2,600, chachiwiri pafupifupi 5,900, pakati pakepo n'kukhala pa benchi maola angapo mukuyang'ana mtengo wa tiyi m'madola. Ife a kuno tiwonjezerepo basi ya dzulo lake, malo ogona ku Lilongwe, ndi kufika pabwalo maola atatu ndege isananyamuke. Zonsezi Google sawerenga.

Chimene chimandipweteka mutu kwambiri ndi ichi. Singapore Airlines ili ndi ndege yochoka ku Singapore kupita ku New York osatera paliponse, makilomita opitirira 15,000, maola 18 ndi kanthu ili m'mwamba. Anyamata athu a ku Mzimba opita ku Joni pa basi, kudzera ku Tete, Nyamapanda, Harare mpaka pa Beitbridge, amatha masiku awiri, nthawi zina atatu mzere ukatalika pachipata. Munthu wa ku Singapore akhoza kupita ku America n'kubwerera, mnyamata wa ku Euthini asanadinditse pasipoti yake komaliza.

Ndiye mukamandifunsa kuti kwakuti n'kutali bwanji, musandiyembekezere kuti nditchule makilomita. Ndikufunsani kaye kuti mukunyamukira kuti, m'thumba muli zingati, ndipo mwanyamula chiyani. Funso lomalizali musalipeputse. Alamu aja andiuza kale kuti mu Disembala abwera pa basi. Akuti firiji, matiresi awiri ndi njinga ya mwana sizingalowe m'chikwama cha makilogalamu 23, ndipo ndikawachingamire pa depoti ndi ngolo.