Makalata a msilikali si okolezera moto

Ana inu, tandimverani, nkhaniyi yandikhala pakhosi nthawi yaitali. Mkulu amene anapita ku nkhondo akangotisiya, mumathamangira sutikesi yake. Mamendulo mumatola poti amanyezimira, koma makalata omanga ndi kachingwe aja, ndi kabuku ka malipiro kothetheka, mumati ndi zinyalala. Ndinaona ndi maso angawa mnyamata akukoleza moto ndi kalata ya agogo ake, yolemba ndi pensulo, mizere iwiri itapakidwa inki yakuda bii. Ati inali yowonongeka kale. Ayi, mwanawe! Pa nkhondo akuluakulu a asilikali ankawerenga makalata asanatumizidwe, n'kufufuta mayina a malo kuopa adani. Inkiyo payokha ndi umboni.

Ena mumayankha mopepuka kuti boma lili nazo zonse. Lili nazo kuti? Mu September 1940 mabomba a Germany anagwera nyumba yosungiramo mapepala ku London, ndipo mafayilo oposa theka a asilikali a Britain a nkhondo ya 1914 mpaka 1918 anathera pomwepo. Pa 12 July 1973 moto unabuka ku St. Louis, ku America, n'kunyeketsa mafayilo a asilikali pakati pa 16 ndi 18 miliyoni. Kope lina kunalibe. Ndiye kapepala kamene mwayalira pansi pa kabatiko, mwina ndi kokhako padziko lonse kosonyeza kuti bamboyo anavalapo yunifolomu.

Nanunso amene mumati mukusamala, musadziwombere m'manja. Mumamata pong'ambika ndi selotepu, pakapita zaka guluu uja amasanduka wachikasu n'kudya zilembo. Wina kukachita lamineti, pepala n'kupsereramo mpaka kalekale. Wina kulipachika pakhoma pomwe dzuwa limawomba, lero pangotsala mzukwa wa mawu.

Ndipo nambala ya msilikali musamaipeputse. Mayina amafanana, alembi ankawalakwitsanso, koma nambala ndi dzina la gulu lake ndi zimene zimathandiza kupeza munthu weniweniyo, ngakhale mukamafufuza manda ku Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a asilikali a Commonwealth amene anafa pa nkhondo ziwiri za dziko lonse.

Sambani m'manja, mupukute, mufunyulule makalatawo pang'onopang'ono. Chotsani timapini tadzimbiri. Jambulani ndi foni mbali zonse, ndi envelopu yomwe, chifukwa chidindo chili ndi tsiku. Kenako muike pouma, pamdima, kutali ndi chiswe. Ngati agogo aakazi alipo, afunseni sabata ino kuti "Yohane wathu" wotchulidwa m'kalatamo anali ndani.