Tikumanga makalasi kapena mauvuni?

Amene akwiye akwiye, koma awa ndi maganizo anga. Ife tikamamanga sukulu, chipatala kapena holo ya kudera, timangoyang'ana malata ndi penti. Malata akawala, a komiti aomba m'manja, mlendo wolemekezeka adula riboni, basi akuti chitukuko chafika. Koma kaloweni m'kalasi lomwelo masana a mu Okutobala ku Chikwawa kapena ku Nsanje, kumene kumatentha kupyola madigiri 40. Denga lili pafupi ndi mutu, siling'i mulibe, mawindo ndi timabowo ta mbali imodzi. Ana akungowodzera. Mapeto ake aphunzitsi atuluka nawo kukakhala pansi pa mtengo womwe uja tinkati tikuwachotsapo.

Wina ati ikani mafani. Ayendera chiyani? Sukulu zambiri zakumudzi magetsi sanafikeko, ndipo ngakhale m'tauni tonse tikukumbuka mdima wa mu 2022 namondwe Ana atawononga Kapichira. Sola ndi yabwino, sindikukana, koma igwire ntchito ya mababu ndi firiji ya katemera, osati kulimbana ndi kutentha komwe tadziitanira tokha.

Ku Burkina Faso, komwe dzuwa lake si lamasewera, katswiri wojambula mapulani a nyumba Francis Kéré anamanga sukulu ya pulaimale kwawo ku Gando mu 2001. Njerwa zake ndi zadothi losakaniza ndi simenti pang'ono. Malata anawakweza m'mwamba, kusiya mpata pakati pa iwo ndi siling'i yokhala ndi timabowo, kuti mpweya wotentha uzikwera n'kutuluka, wozizira uzilowera m'mawindo. Dengalo linatulukira kunja kwambiri, moti makoma amakhala pamthunzi, mvula osawamenya. Mu 2022 mkuluyu analandira mphoto ya Pritzker, yomwe ndi yapamwamba kwambiri kwa akatswiri ojambula mapulani a nyumba.

Musati ndi za kunja izi. Pa chipatala cha boma ku Kasungu pali nyumba za amayi oyembekezera zomwe a MASS Design Group, bungwe la akatswiri a mapulani a nyumba, anamanga mu 2015 ndi njerwa zadothi zopsinja pa makina, zosaotcha, ndi makonde aakulu oti amayi ndi owadikirira azikhalapo masana. Chikhalirenicho, kuyambira 2018 malamulo amaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma, chifukwa mauvuni a njerwa atimalizira mitengo. Koma pitani m'midzimu, mfumu ikangoti tiumbe njerwa za buloko ya sukulu, mawa lake mibawa ndi mango zagwa.

Inu a m'makomiti a sukulu ndi a VDC (makomiti a chitukuko cha m'midzi), musamangotuta mchenga ndi madzi. Itanitsani pulani kontirakitala asanakumbe maziko. Mumufunse kuti makoma aatali ayang'ana kuti, chifukwa akaloza kumpoto ndi kummwera dzuwa la m'mawa ndi lamadzulo silithira m'mawindo. Mumufunse ngati mawindo akupenyana, khonde ndi lalikulu bwanji, ndiponso madzi a padenga azigwera mu thanki kapena azikumba maziko. Akayamba kuzungulira, musasaine.