Nkhope ya Bocchi ikasungunuka, si bodza ayi

Mng'ono wanga anandipeza usiku ndikuonera Yuru Camp pa foni, imodzi mwa anime, makatuni aja a ku Japan. Anaima kumbuyo kwanga kwa kanthawi, kenako n'kufunsa kuti, "Achimwene, ndewu iyamba nthawi yanji?" Ndinamuuza kuti mulibe ndewu. Mtsikana wapalasa njinga mpaka ku nyanja ya Motosu, wamanga tenti, watola nkhuni, wawiritsa madzi a ma noodles, akudikira kuti mitambo ichoke paphiri la Fuji. Basi. Mnyamatayo anangopukusa mutu n'kumapita.

Anime za slice of life zimakhala choncho, za moyo wa tsiku ndi tsiku, ndipo ife ozikonda timakangana ngati tikulimbirana malire a munda. Ena akufuna moyo uoneke mmene ulili, phee. Ena akufuna nthabwala zokokomeza mpaka nthiti ziwawe. Koma amene akunena kuti zokokomezazi zabwera ndi ana a masiku ano, ameneyo wayamba kuonera dzulo. Nichijou ya kampani yopanga anime ya Kyoto Animation inatuluka mu 2011. Dzinalo limatanthauza moyo wa masiku onse, koma mkatimo mphunzitsi wamkulu akugwetsana ndi mbawala pabwalo la sukulu mpaka kuinyamula n'kuimenyetsa pansi, ndipo mphaka akuyankhula chifukwa cha kansalu kofiira ka m'khosi.

Kenako mphepo inatembenuka. Non Non Biyori mu 2013, Yuru Camp mu 2018, Super Cub mu 2021, zonse zofatsa, zomwe ku Japan amazitcha iyashikei, kutanthauza zochiza mtima. Mu Non Non Biyori sukulu yonse ili ndi ana asanu okha, a makalasi osiyana, m'chipinda chimodzi. Mu gawo lachinayi, kamtsikana Renge kapeza mnzake wobwera kutchuthi kwa agogo ake. Tsiku lina kafika pakhomo, kauzidwa kuti mnzakeyo wabwerera kwawo mwadzidzidzi, osatsanzika. Chithunzi chimangoima pankhope ya Renge, osasuntha, nthawi yaitali mpaka umaganiza kuti netiweki yathawa. Kenako maso alengeza misozi pang'onopang'ono. Ine pamenepo ndinameza malovu.

Ndiye inenso ndinali m'gulu lonena kuti zachete ndiye zenizeni, zaphokoso n'zachibwana. Amene anandichotsa m'gulumo ndi Bocchi the Rock! ya kampani ya CloverWorks, ya mu 2022. Malo ake ndi enieni, Shimokitazawa ku Tokyo, timisewu topanikizana ndi tizipinda tapansi toimbiramo magulu a nyimbo. Ngakhale nkhani yogulitsa matikiti kuti gulu lipeze mpata woimba ilimo. Koma Hitori Gotoh, yemwe amamutcha Bocchi, mtsikana wamanyazi koopsa, munthu akangomuyankhula nkhope yake imasungunuka, nthawi zina amasanduka fumbi, ndipo tsiku loyamba kuimba pagulu anaimbira gitala m'katoni ya mango. Kukokomeza? Eya. Bodza? Ayi. Ine anandilozapo mwadzidzidzi pa msonkhano wa chinkhoswe kuti, "Achimwene, titsekereni ndi pemphero." Oona kunja ankangoona munthu wavala bwino akukonza kukhosi. Mkati ndinali nditalowa kale m'katoni ya mango, n'kudzitsekera. Kamera yeniyeni ikanajambula suti yanga yokha, pamene wojambula Bocchi anajambula chomwe chinali m'mimba mwanga.

Chimene chimanditopetsa masiku ano ndi zija zokopera nkhope zopindikazo popanda chozipinditsa. Kukuwa kosalekeza, maso kutuzuka, ngati gawo lonse analipangira kuti wina adule kachidutswa n'kukaponya pa TikTok. Ukamaliza sukumbukira ngakhale dzina la munthu mmodzi. Nazo zachete zili ndi matenda ake: mitambo yokongola, atsikana akumwa tiyi, koma palibe amene akusowa kanthu, palibe wotsala yekha ngati Renge. Zimenezo ndimagona nazo foni ili pachifuwa, bandulo n'kumangotha.

Mu 2025 Kyoto Animation inatulutsa CITY the Animation, yochokera kwa Keiichi Arawi yemwe uja wa Nichijou, misala yake yomwe ija. Mng'ono wanga imeneyo ndiye anaikonda, ndipo za mphunzitsi ndi mbawala za mu Nichijou zija wazibwereza kosawerengeka. Yuru Camp akukanabe. Akuti kukaona munthu akukoleza moto angopita kukhitchini kwa amayi.