Jini ya LOXL1 payokha si yonse

Zikomo alembi, koma pamene mwalemba kuti jini (kachidutswa ka chibadwa kochokera kwa makolo) ya LOXL1 ndiyo imayambitsa matenda a maso otchedwa exfoliation syndrome, pandikayikitsa pang'ono. Zoonadi, kafukufuku wa mu 2007 pa anthu a ku Iceland ndi ku Sweden anapeza kuti jiniyi ikukhudzana kwambiri ndi matendawa. Chovuta n'chakuti mtundu wa jini woganiziridwawo uli mwa anthu ambirimbiri amene maso awo ali bwinobwino mpaka ukalamba. Ndiye chodabwitsa china, atafufuza anthu akuda a ku South Africa, mbali ina ya jiniyi imene ku Ulaya imaoneka yoteteza inapezeka kuti ndiyo yoopsa. Apa n'zoonekeratu kuti pali zinanso, mwina ukalamba, dzuwa kapena majini ena monga CACNA1A.

Chomwe dokotala amaona pounika diso la wodwala matendawa ndi tinyenyeswa toyera tomatirira pagalasi la diso ndi m'mphepete mwa kamboni. Timeneti tikatseka tinjira totulukira madzi a m'diso, madziwo amachuluka n'kuyamba kupanikiza mtsempha woonera, vuto limene limatchedwa glaucoma. Glaucoma yotereyi ndi yaliuma, ndipo kawirikawiri imayamba diso limodzi mwakachetechete. Kwa achikulire, kuyezetsa maso kumathandiza kuposa kuyezetsa majini.