Musawaweruze Dokotala Gisella Perl

Ku Auschwitz-Birkenau, ndende yozunzirako anthu imene chipani cha Nazi cha ku Germany chinamanga ku Poland pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, kunali amayi awiri amene ankasamalira akaidi oyembekezera. Mmodzi amatamandidwa, ndipo m'pake. Winayo akangotchulidwa anthu amapukusa mitu, ndipo zimenezi zimandiwawa mumtima.

Mayi Stanisława Leszczyńska anali mzamba wachikatolika wa mumzinda wa Łódź ku Poland. Anamangidwa mu 1943 limodzi ndi mwana wawo wamkazi chifukwa banja lawo linkathandiza Ayuda. Mwa kuwerengera kwawo, pofika January 1945 anali atachiritsa amayi pafupifupi 3,000. Amayiwo ankachirira pa njerwa za ng'anjo yotenthetsera chinyumba cha akaidi, makoswe ali piringupiringu. Woyembekezera ankadzimana buledi kuti asinthanitse ndi kansalu kong'amba matewera. Akachapa, ankawaumitsa pamsana kapena pantchafu pake, poti kuyanika kunali koletsedwa. Atalamulidwa kupha makanda, mzambayu anakana. Komabe ambiri ankamizidwa mumgolo wa madzi ndi ena ogwira ntchito mmenemo, ena ankafa ndi njala ndi kuzizira chifukwa mawere a amayi awo anali atauma. Makanda amene anakhalabe ndi moyo mu ndendemo mpaka pamene inamasulidwa anali 30 okha kapena kuchepera apo.

Dokotala Gisella Perl anali Myuda wa m'tauni ya Sighet (lero ili ku Romania), katswiri wa matenda a amayi, ndipo anafikitsidwa kumeneko mu 1944. Josef Mengele, dokotala wa chipani cha Nazi pa ndendeyo, anawalamula kuti azimuuza za mkaidi aliyense amene ali ndi pakati, ati akapatsidwe chakudya chabwino. Posakhalitsa anazindikira kuti linali bodza lamkunkhuniza. Mayi wachiyuda akadziwika kuti ndi woyembekezera ankamenyedwa, kuyeseredwapo zachipatala zankhanza, kapena kuphedwa ndi mpweya wapoizoni. Basi iwo anayamba kuchotsa pakati mobisa. Ankachita usiku, pansi pauve, opanda zipangizo, opanda mankhwala opha ululu, ndi manja okha. Kukacha, mayi uja ankaimirira pamzere wowerengedwa ngati palibe chachitika, kapena ankagonekedwa m'chipatala cha akaidi pomunamizira matenda ena.

Abale anga, ine ndimakhulupirira kuti moyo wa mwana ndi wopatulika. Koma tandiuzeni, akanatani? Kusiya pakatipo sikukanapulumutsa mwanayo, kukanangopereka mayi ndi mwana yemwe m'manja mwa Mengele. Munthu amene anaphunzira kulandira makanda, n'kumawononga ndi manja ake omwe chimene anaphunzira kuteteza, ameneyo mungamunene kuti analibe chisoni? Ife tikuwerenga nkhaniyi pafoni, titakhuta, ana athu akusewera panja. Sitinaimepo pamalo oti chilichonse chimene ungasankhe wina amwalira. Mlandu wa makanda amenewo uli pamutu pa amene anamanga ndendeyo ndi kulamula kuti pakati pa mayi wachiyuda pakhale chigamulo cha imfa. Kuutula pa mkaidi mnzawo ndi kuwapeputsira akuphawo katundu.

Amuna awo a Dokotala Perl ndi mwana wawo wamwamuna anaphedwa pa nkhondoyo. Iwo anapulumuka, kenako anapita ku New York n'kukagwira ntchito pachipatala cha Mount Sinai, kumene analandira makanda pafupifupi 3,000. Anamwalira ku Israel mu 1988. Amene mumawapempherera Mayi Leszczyńska, ndikukupemphani, dzina la mayi uyunso muzilitchula ndi ulemu womwewo.