Mayankho olakwika m'mabuku okonzekera CCNA

Ndatopa nawo mabuku okonzekera mayeso a CCNA (satifiketi ya kampani ya Cisco ya kulumikiza makompyuta pa network) omwe timatumizirana pa WhatsApp kuno ku Ulónguè, ku Mozambique. Usiku wathawu ndinakumana ndi funso la subnetting (kugawa network m'zigawo zing'onozing'ono): kodi chigawo chomwe kukula kwake kumalembedwa kuti /26 chimalola makompyuta angati? Ndawerengera papepala katatu, ndikupeza 62, chifukwa pa maadiresi 64 awiri amachoka, ya network yeniyeniyo ndi ya broadcast (yotumizira uthenga ku makompyuta onse). Buku likuti 64, osafotokoza n'komwe! Ndinadzikayikira mpaka tambala kulira.

Ena akutigulitsabe mafunso a 200-125, mayeso akale a CCNA omwe analowedwa m'malo ndi 200-301 mu Febuluwale 2020. Ife sukulu tinaphunzira m'Chipwitikizi, Chingerezi timachita kulimbana nacho, ndiye mametikali a intaneti azithera pa zinthu zakalekale? Inu olemba, chonde muziyamba mwatsimikiza mayankho anu musanatitumizire.